Kwa inu a ku Kabanana opita kukaoda ku Dar es Salaam

Ana anga, masiku ano munthu akangolandira chilimba maganizo amathamangira ku Dar es Salaam. Zitenje, nsapato, zikwama ndi zida za mafoni zimene zadzaza pa COMESA Market, ku City Market ndi m'tuntemba ta ku Kabanana, Chazanga ndi Chipata, zambiri zimachokera kunyanja yamchereko. Ena ulendowu wawamangira nyumba. Ena anapita kamodzi, mpaka lero akubisala wakaloba akagogoda pakhomo. Basi anakwera imodzi ku Intercity, dera la malonda la Kariakoo anapondanso lomwelo. Anasiyana pa zimene anachita asanakwere basi ndi zimene anaona atafika.

Yambani ndi pensulo. Kuchokera ku Lusaka kukafika ku Nakonde, kudzera ku Kapiri Mposhi, Serenje, Mpika ndi Isoka, ndi makilomita pafupifupi 1,000, ndipo kuchokera ku Tunduma, kutsidya kwa malire, kudzera ku Mbeya, Iringa ndi Morogoro mpaka ku Dar es Salaam pamatsalanso mtunda wofanana nawo. Tikiti, malo ogona, chakudya, onyamula katundu, lole yobweretsa katunduyo ndi msonkho wa pamalire, zonsezi zidzakwera pamsana pa nsapato iliyonse imene mudzagule. Wokhala ndi mpamba waukulu amazigawa pa katundu wambiri osamva kuwawa, koma wa mpamba wochepa amapeza kuti nsapato yake yafika ku Lusaka yodula kuposa ya ku Kamwala. Ngati masamu akukana, musachite manyazi kuthera pa Nakonde ndi Tunduma, kapena kusonkhana atatu n'kutuma mmodzi wokhulupirika. Mutu umodzi susenza denga. Ndipo musananyamuke, yendani kwa makasitomala anu mulembe zimene akufuna, saizi yake ndi mtundu wake, chifukwa chimene chikomera maso ku Kariakoo si nthawi zonse chimene mayi wa ku Kabanana angatulutsire ndalama.

Za pamalire ndinena mwachidule. Mu 2019 a Edgar Lungu ndi a John Magufuli anatsegula malo amodzi ochitirapo zonse za pachipata cha Tunduma ndi Nakonde, koma a misonkho a ZRA akadali pomwepo ndipo amafuna malisiti. Sungani lisiti lililonse. Anyamata okulonjezani kuti akudutsitsirani katundu njira zozembera sadzakhalapo tsiku limene katunduyo adzagwidwe. Osintha ndalama a pamsewu ali ndi manja othamanga kuposa maso anu, choncho werengani nokha mashilingi musanapereke makwacha, kapena sinthani pamalo ovomerezeka. Ndalama musaike thumba limodzi.

Tsopano tafika pamene pagona nkhani. Tsiku loyamba ku Kariakoo musagule kanthu. Ndikudziwa kuti mtima umathamanga, mukuwerenga ndalama za chipinda, kutentha kwa kunyanja kukukuthirani thukuta, ndipo mukufuna kumaliza msanga. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Kariakoo si msika umodzi wa denga limodzi, ndi dera lonse la misewu ndi nyumba zosanjikizana, masitolo ena pansi pa nthaka, ena m'mwamba, uku kwa nsalu, uko kwa zitsulo, kwina kwa mafoni. Mtengo wa pakhomo la msewu si umene mungaupeze m'kati, ndipo mtengo wa chinthu chimodzi si wa dazeni kapena wa katoni. Yendani ndi kabuku, funsani m'masitolo angapo, lembani dzina la sitolo, msewu wake ndi mtengo, madzulo mukhale pansi muyerekeze. Mudzakumana ndi madalali, anthu amene alibe sitolo koma amakutengani pamkono n'kupita nanu kwa mwini katundu atawonjezapo kale yawo. Si onse akuba, ena amathandizadi mlendo wosadziwa njira, koma dziwani kuti mukumulipira ngakhale asananene. Mukagula, tsegulani katoni pamaso pa wogulitsa. Zapamwamba zimakhala zabwino nthawi zonse, muone zapansi, ndipo nsapato muwerenge yamanja ndi yamanzere.

Phunzirani Chiswahili cha moni, cha manambala ndi cha kupempha kuti atsitse mtengo. Kumeneko munthu amayamba wapereka moni mofatsa asanafunse mtengo, ndipo wolowa m'sitolo n'kungoloza chala amagula modula. Chenjeraninso ndi nthawi. Tanzania ili patsogolo pathu ndi ola limodzi, ndipo anthu ake amayamba kuwerenga maola m'mawa dzuwa likamatuluka, moti amene ife timati 7 koloko iwo amati ola loyamba. Ambiri asiyidwa ndi basi chifukwa cha ichi. Safunsa anadya phula. Eni masitolo ambiri ndi Asilamu, ndiye Lachisanu masana ena amatseka kupita kumzikiti, ndipo m'mwezi wa Ramadan zinthu zimayenda mwina. Mvula yaikulu ya kumeneko imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, misewu imadzaza madzi. Mverani nkhani musananyamuke: mu Meyi 2023 amalonda a ku Kariakoo anatseka masitolo pokangana ndi boma pa za misonkho, ndipo mu Novembala 2024 nyumba ina yosanjikizana inagwa komweko n'kupha anthu. Amene angathe, akonze ulendo umodzi kumayambiriro kwa Julaye, nthawi ya chionetsero cha malonda cha Sabasaba, kumene mungakumane ndi opanga katundu enieni.

Chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi ichi. Katundu amene mudzabwere naye adzatha m'milungu yochepa, koma wogulitsa amene wakudziwani nkhope ndi dzina mudzadya naye zaka. Sankhani awiri kapena atatu amene anakuchitirani chilungamo, tengani manambala awo, lipirani monga munagwirizana, musawanyoze katundu pofuna kutsitsa mtengo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Chitaninso chimodzimodzi ndi otumiza katundu pamalole opita ku Nakonde ndi ku Lusaka: funsani amalonda anzanu amene awagwiritsapo ntchito, lembani dzina ndi nambala yanu pathumba lililonse, jambulani, ndipo tengani chikalata. Amalonda okhwima lero amaona katundu pa WhatsApp ali ku Kabanana, n'kutumiza ndalama, katundu n'kubwera. Koma zimenezi zimatheka ndi munthu amene munamuona ndi maso, mukudziwa pamene pali sitolo yake. Kutumiza mpamba kwa munthu wongomuona pa Facebook ndi kuutaya.

Nanga nyanja? Ena a msinkhu wanga amati wamalonda asayang'ane n'komwe kunyanja. Ine sindigwirizana nawo. Katundu akakwera lole, chikalata chili m'thumba, patulani tsiku limodzi. Pitani m'mawa ku msika wa nsomba wa ku Kivukoni muone mmene amagulitsira mokweza mitengo, kenako mukwere pantoni yowolokera ku Kigamboni. Muli pamadzipo mudzaona sitima zikuluzikulu zikulowa padoko, pamene pamatsikira magalimoto a ku Japan amene mumawaona ku Lusaka, ndi pamene mkuwa wathu wambiri umakwerera. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, ndipo khomo limeneli sitinalipeze mophweka. Ian Smith atalengeza ufulu wa Rhodesia popanda chilolezo mu 1965, njira ya kummwera inavuta, mafuta ankabwera m'migolo pamsewu woipa wa kumpoto mpaka paipi ya TAZAMA yochokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola itamalizidwa mu 1968. A Kenneth Kaunda ndi a Julius Nyerere anapeza thandizo ku China, njanji ya TAZARA ya makilomita 1,860 n'kumalizidwa mu 1975. Wamalonda woona doko ndi maso ake amayamba kufunsa mafunso aakulu: kontena imodzi imalipiridwa bwanji, ndani amaombola katundu padoko, bwanji amene ndimagula kwa iyeyu amaitanitsa yekha ku China?

Koma chisangalalo chikhale ndi thumba lake, lopatulidwa muli kunyumba. Boti ya ku Zanzibar, mowa wa ku Coco Beach ndi zibwenzi za usiku umodzi zadya mipamba ya anthu ambiri, ndipo ena anabwerako ndi matenda. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ndalama ya chilimba si yanu nokha, mwezi wamawa pali mnzanu akudikira. Madzi a m'nyanjamo musawayese a ku Kafue, amaphwa n'kubwereranso kawiri patsiku, ndiye osadziwa kusambira athere m'mawondo. Gonani mu neti, chifukwa malungo a kumeneko sasankha mlendo.

Mukafika ku Kabanana, musanamasule thumba loti achibale ayambe kusankha za ngongole, khalani pansi ndi kabuku kaja. Phatikizani zonse zimene mwawononga, ngakhale madzi akumwa a ku Mpika, mugawe pa katundu yense, ndipo pokhapo ndi pamene muike mtengo. Ndalama zoyamba kulowa zibwerere kumpamba ndi kuchilimba musanagule foni yatsopano.