Buku la ku selo si la apolisi okha

Abale anga a kumudzi kuno, ndi inu a m'tauni amene mumatiwerenga pa foni, lero za feteleza ndaziika kaye pambali. Ndikufuna tikangane za buku limene amalembamo munthu akamamulowetsa mu selo: dzina lake, mlandu wake, tsiku ndi ola limene chitseko chatsekedwa. Ine ndikuti bukulo ndi lathu, ndipo amene amatibisira akutibera.

Chithunzi cha Donald Trump chija, nkhope ili ndwii, ambiri munachiona. Anamujambula pa 24 August 2023 ku ndende ya Fulton County, mu mzinda wa Atlanta ku Georgia. Palibe mtolankhani amene anachiba usiku. Ofesi ya sheriff, mkulu woyang'anira ndendeyo, ndiyo inachitulutsa, ndipo dzina lake, milandu yake, ngakhale msinkhu ndi kulemera kwake zinaoneka pa kaundula wa ndende monga zimachitikira ndi wakuba wamba. Munthu woti anakhalapo pulezidenti!

County ndi dera longa boma la Dedza kapena Ntcheu, ndipo ku America ziliko zoposa 3,000. M'madera ambiri ndende ya pa county imakhala m'manja mwa sheriff, amene anthu amamusankha pa voti. Womangidwa akafika amamulemba dzina, kumujambula, kumudinda zala, kulemba mlandu, nthawi imene walowa ndi ndalama ya belo ngati yaikidwa. Ofesi zambiri zimaika mndandanda wa amene ali m'kati pa intaneti. Zimene sizinaikidwe munthu amazipempha pogwiritsa ntchito lamulo la chigawo chake, chifukwa lamulo la boma lalikulu la 1966 lotchedwa Freedom of Information Act silifika ku ma county. Ku Florida lamulo lawo lili mu Chapter 119, ndipo wopempha sakakamizidwa kunena dzina lake, chifukwa chake, kapena kulemba kalata. Ku Texas umalemba, ndipo ofesi ikafuna kukubisira iyenera kukapempha chigamulo kwa Attorney General wa chigawocho pasanathe masiku 10 ogwira ntchito. Mwamva? Wobisa ndiye amakatuluka thukuta, osati wofunsa. Zilipo zimene amakana kupereka, monga za ana ndi za kafukufuku amene ali m'kati, koma nkhani yoti uje ali m'manja mwathu kuyambira ola lakuti si yobisa.

Musati ndatengeka ndi azungu. Kumeneko kunabuka akathyali otola zithunzi za omangidwa, kuziika pa intaneti, n'kumauza mwini nkhope kuti alipire ngati akufuna zichotsedwe, ngakhale mlandu wake unathera m'malere. Zigawo zingapo zinachita kupanga malamulo othana nazo, ndipo mu 2021 California inaletsa apolisi kuika pa masamba a mchezo zithunzi za anthu oganiziridwa milandu yosakhudza chiwawa. Nkhope ya munthu yofalitsidwa ngati chikwangwani cha sopo, imeneyo ine sindikuifuna.

Koma taonani mmene ife tinazitembenuzira. Chimene chiyenera kusamalidwa ndicho timafalitsa, chimene chiyenera kupezeka ndicho timabisa. Munthu akagwidwa, mawa lake ali pa Facebook atanjatidwa unyolo, pansi pake dzina, zaka, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma lochokera. Khoti asanalione n'komwe. Tsono mayi ake apite kukafunsa kuti mwana wangayu munamulowetsa liti, mlandu wake ndi wotani, akaonekera tsiku liti? "Bwana atuluka." "Wofufuza mlanduwo ali ku off." "Mubwere mawa." Ine ndinaperekezapo mayi wina wa kuno pa polisi ina, dzina sinditchula, nthawi yopalira. Masiku atatu a makasu anapita m'madzi, ndalama ya kabaza osanena, kungofuna yankho la mizere iwiri lolembedwa kale mu buku la OB limene linali pa kauntala pomwepo.

Ola lolowera lija musalione kuchepa. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati womangidwa auzidwe msanga, m'chilankhulo chimene amamva, chifukwa chimene akusungidwira. Aloledwe kuonana ndi achibale ake. Ndipo akaonekere ku khoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa nthawi yoti latseka. Nanga maola 48 mungawawerenge bwanji osadziwa pamene anayambira? Mlimi wosadziwa tsiku limene anadzala sangadziwe tsiku lothira feteleza wobereketsa. Amene wagwira bukulo wagwira wotchi, ndipo akafuna akhoza kuibweza m'mbuyo inu muli duu pa benchi.

Chondiwawa n'choti lamulo tili nalo. Gawo 37 la malamulo aakulu omwewo limatipatsa ufulu wodziwa zimene boma likusunga. Aphungu anavomereza Access to Information Act mu December 2016, a Peter Mutharika anasaina mu February 2017, kenako linagona m'kabati mpaka linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Limati ofesi ya boma ikhale ndi munthu wolandira mapempho, mukhoza kupempha pakamwa kapena polemba, ndipo akuyankheni pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Nkhani ikakhala yoteteza moyo kapena ufulu wa munthu, ndi maola 48 basi. Munthu ali mu selo, ufulu wake si umenewo? Oyang'anira kuti lamuloli likutsatidwa ndi a Malawi Human Rights Commission. Ndi angati kuno kwathu amene analimvapo pa msonkhano wa mfumu? Za makuponi timazidziwa mpaka nambala ya kaundula, koma izi zii.

Ndikudziwa zimene ena mulembe m'munsimu. A bambo ena anena kuti wosalakwa samangidwa, wakuba mbuzi musamuikire kumbuyo. Mbuzi ine zinandibedwapo, ndipo wakuba ndimamuda kuposa anankafumbwe. Koma kumbukirani Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo ku Limbe, amene anagwidwa m'mamawa akupita ku geni yake pa mlandu wa vakabu. Anakamang'ala ku khoti lalikulu, ndipo mu January 2017 oweruza anati gawo 184(1)(c) la Penal Code limene anamugwirira likutsutsana ndi malamulo aakulu. Kumbukiraninso Buleya Lule, amene anafera m'manja mwa apolisi ku Lilongwe mu February 2019, ndipo a Human Rights Commission atafufuza anapeza kuti anazunzidwa. Zikafika potero, mafunso oyamba amakhala omwe aja: analowa liti, anamutulutsa mu selo ndani, nthawi yanji, anabwerera ali bwanji? Buku loti anthu amatha kuliona limachititsa dzanja kuzengereza lisanamenye. Limatetezanso wapolisi wolungama akamanamiziridwa, ndipo oterowo alipo, ena ndi ana a m'mudzi muno.

Inu a m'tauni nanunso mlandu muli nawo. Tikakuimbirani kuti mphwanu watengedwa, yankho lanu ndi limodzi: "Ndatumiza kangachepe pa Airtel Money, kawaoneni mabwanawo." Zikomo potikumbukira, koma mukudyetsa fisi amene adzabwerenso mawa. Belo ya ku polisi ndi yaulere, apolisi eni ake amalengeza zimenezi pa wailesi. Komabe mbuzi zimagulitsidwa, thumba la mtedza wa mbewu limapita kwa mavenda pa mtengo wolira, chifukwa banja silikudziwa ngati mlandu ndi waung'ono kapena waukulu, ngati unalembedwa n'komwe. Mdima umenewo ndiwo msika wa ziphuphu. Inu amene muli ndi sukulu, ndi data, ndi printer ku ofesi, kalata ya mizere isanu ikanatithandiza kuposa ndalamayo.

Kalatayo si ya loya ayi. Mulembe tsiku, dzina la womangidwa ndi ubale wanu, kenako mupemphe zinthu zenizeni: tsiku ndi ola limene analowa, nambala ya mu OB, mlandu umene walembedwa, kumene akusungidwa, ndi tsiku la ku khoti. Mutchule kuti mukupempha pansi pa Access to Information Act ndiponso kuti nkhaniyo ikukhudza ufulu wa munthu. Musapemphe maina a mboni kapena zimene wofufuza wapeza, zimenezo akhoza kukana ndipo lamulo likhala kumbali yawo. Makalata akhale awiri, ina adinde chidindo mubwerere nayo kunyumba. Akakana, akane polemba ndi chifukwa chake. Pepala lokanalo ndilo mupite nalo ku Human Rights Commission, ku Legal Aid Bureau ngati mulibe ya loya, kapena ku Independent Complaints Commission yomwe imamva madandaulo okhudza apolisi. Ngati wapita kale ku rimandi ku Maula kapena ku Chichiri, funsani ma paralegal a PASI amene amayendera ndende.

Ena muti ukalemba kalata wawaputa, mwanayo akamukhaulitsa. Manthawo ndikuwamva, si opanda pake. N'chifukwa chake ndikuti asamapite mayi yekha ndi kambale ka nsima. Apite ndi a mfumu kapena nduna yawo, ndi wa komiti ya community policing, yomwe ija imathamanga pogwira munthu koma pomulondola imasowa. A gulupu, nkhaniyi ndikubwera nayo pa bwalo tikamaliza zokonza njira ya ku dimba, ndipo kalata yachitsanzo ndiisiya kwa mlembi wa VDC kuti wofuna azikopera. Amene mukutsutsa lembani m'munsimu, ndiyankha madzulo ndikaweruka kumunda.