Kukuza mlandu kuti munthu avomere n'kupotoza chilungamo

M'chaka cha 2010 dziko la Zambia lidakhazikitsa lamulo la Plea Negotiations and Agreements Act, lomwe limalola woimira boma pa milandu kukambirana ndi woimbidwa mlandu kuti akavomera kulakwa, mlandu wake uchepetsedwe. Cholinga chake n'chabwino, popeza milandu yodikira m'makhoti ndi yambiri ndipo ndende za Chimbokaila ndi Kamwala n'zodzaza mopyola muyeso, komabe ife tikuona kuti mgwirizano wotere umakhala wachilungamo pokhapokha ngati mlandu woyambawo ukugwirizana ndi umboni umene ulipo.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri achinyamata a m'makomboni a Kanyama, Chawama, George ndi Matero, kumene kulanda mafoni kwautsa mkwiyo wa anthu. Gawo 294 la malamulo a zilango limati munthu amene waba pogwiritsa ntchito chiwawa kapena kuopseza, ali ndi chida kapena ali limodzi ndi mnzake, wapalamula mlandu waukulu umene chilango chake sichichepera zaka 15, umazengedwa ku Khoti Lalikulu, ndiponso salolera belo, ndiko kuti kudikira mlandu ali kunyumba. Choncho woimira boma akalemba mlandu umenewu popanda umboni wa chiwawacho, n'cholinga choti adzautsitse pokambirana, mnyamata wosauka amene watha miyezi m'ndende adzavomera kuba ngakhale sanabe, chifukwa akuopa zaka 15. Kuvomera kotereku n'kokakamiza, ndipo kumapwetekanso wobedwayo, pakuti wakuba weniweni amatsala akuyendayenda m'komboni.

Gawo 18 la malamulo aakulu a dziko limati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa kapena iye atavomera, ndipo kuvomera kumene gawoli likunena kuyenera kukhala kwaufulu. N'chifukwa chake tikupempha bungwe la National Prosecution Authority kuti lizilemba mlandu wokhawo umene lingautsimikizire m'khoti, boma liwonjezere maloya a Legal Aid Board kuti wosauka asakambirane za ufulu wake popanda womuimira, ndiponso oweruza azifunsitsa ngati wovomerayo wamvetsa zonse m'chilankhulo chake asanalandire mgwirizanowo. Kuchepetsa milandu m'makhoti n'kofunika, koma sikuyenera kutheka pomanga anthu pa zimene sadachite.