Mikanda ya kwathu si masewera a ana

Mlimi wa ku Wimbe ku Kasungu amaudziwa ululu wogulitsa chinthu chimene mtengo wake amatchula ndi wina. Fodya amamufesa ku nazale, kuokera, kuthyola, kusoka, kuyanika m'chigafa, koma belo likafika ku msika wa fodya wa Chinkhoma iye amangoyang'ana. Miyala yathu ya mtengo wapatali imayenda njira yomweyo. Yambiri yokumbidwa paphiri la Chimwadzulu ku Ntcheu ndi ku Mzimba yakhala ikutuluka m'dziko yosasema, phindu lenileni n'kukatsalira kwa amene akaiike pa mphete kunja. N'chifukwa chake ndikuti ntchito yopanga mikanda, ndolo ndi zibangili kuchokera ku zinthu zotizungulira tiziyilemekeza. Apa chogulitsidwa ndi luso ndi nkhani ya chinthucho, ndipo wotchula mtengo ndi mmisiri mwini wake.

Umboni suli kutali. Ku Mfuwe, kuseri kwa malire a Zambia, amisiri a Mulberry Mongoose amatenga waya wa misampha amene alonda azula m'nkhalango ya South Luangwa, kumuwongola, kumusula ndi hamala, kumupinda, n'kumuveka pamodzi ndi njere za mitengo. Mlendo amalipira bwino chifukwa akudziwa kuti waya ali m'khosi mwakewo anatcheredwa kuti aphe nyama, ndipo gawo la ndalamazo limapita kwa oteteza nyamazo. Nkhalango ya Kasungu nayonso ili ndi misampha, ilinso ndi mabwinja a ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo. Ku Mankhamba, likulu la a Kalonga, wofufuza zakale Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi, zamkuwa ndi makoza a minyanga. Kudzikongoletsa sitinaphunzire dzulo. Ndipo a ku Wimbe safunika kuwauza kuti chotayidwa chimatha kudzuka: mu 2002 William Kamkwamba wa m'mudzi mwa Masitala anapanga makina amphepo opereka magetsi ndi fani ya thirakitala, mapaipi ndi njinga yakutha.

Wina afunsa kuti agula ndani. Funsoli n'loona. Alendo obwera ku Kasungu ndi ochepa poyerekeza ndi ku Mfuwe, ndipo mikanda ya ku China ili mbwee pamsika, yotchipa kwabasi. Koma amene akupikisana ndi fakitale pa kutchipa waluza asanayambe. Chimene fakitale singapange ndi chikumbutso cha banja linalake. M'masutikesi ambiri muli mikanda ya agogo yomwe inaduka ulusi, batani la jekete imene bambo anabwera nayo kuchokera ku Wenela, ndolo imodzi yosowa inzake. Zinthu zimenezi palibe amazitaya, palibenso amazivala. Mmisiri wodziwa kumvetsera nkhani ya mwini wake angathe kutunganso mikanda ija, kusakaniza ndi njere za mlambe, mdzukulu n'kuivala pa chinkhoswe chake. Ogula otere alipo kale: akwati, anamwali, ndi ana athu a ku Joni amene amafuna kanthu kakwawo kokwana m'thumba. Mikanda ya m'chiuno sinadikirepo mzungu kuti igulidwe.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha chilengedwe. Kasungu wataya mitengo yambiri chifukwa cha minda ndi nkhuni zootchera fodya, ndipo munthu angaope kuti osema adzamaliza mlombwa wotsalawo. Malire ake ayenera kumveka. Malonda a minyanga pakati pa mayiko analetsedwa mu 1989, ndipo chibangili cha waya wobedwa pa mizere ya magetsi ndi umbava basi, ngakhale chiwale bwanji. Koma ndolo sizifuna mtengo wathunthu. Zidutswa zimene kalipentala amasesa madzulo, nyanga ya ng'ombe yotsala kophera nyama, njere zogwa zokha, izi zikukwanira, ndiponso munthu amene akudya ndi njere za mtengo sathamangira kuudula.

Pamene tikufooka ndi pomalizitsa. Ulusi umaduka, kokolowekera kamachita dzimbiri, njere zosaumitsa bwino zimafumbwa, ndipo wogula amene khutu lake latupa sabweranso. Izi ndi zophunzitsika. TEVETA, yomwe imayang'anira maphunziro a ukalipentala ndi utelala, iikenso ntchito imeneyi m'makoleji a m'madera, ophunzira apatsidwe pulayala, tupa, sandipepala ndi waya wosachita dzimbiri.