ZA UMOYO: Cibayo Cimene Cimadza Mwakacetecete

Anthu ambiri odwala khansa ya magazi amalandira mankhwala ku Lusaka, pa Cipatala ca Matenda a Khansa cimene Mtsogoleri wa dziko Levy Mwanawasa anatsegula mu 2007. Akalandira mankhwalawo, ena amabwerera kumudzi kukayembekeza tsiku limene dotolo wawaikira. Masiku akumudziwo ndiwo ofunika kusamala koposa, pakuti ndi pomwe cibayo cimakonda kugwira odwala otere, ndipo cingathe kupha munthu amene khansa yake inali itayamba kale kugonja.

Khansa ya magazi ili ndi mitundu itatu ikuluikulu: leukaemia, lymphoma ndi myeloma. Yonseyi imaononga maselo oyera a m'magazi, amene ali ngati asilikali a thupi. Mankhwala opha khansa naonso sasankha. Popha maselo oipa amaphanso abwino amene amapangidwa m'mafuta a m'mafupa. Asilikaliwo amacepa kwambiri pakati pa tsiku la 7 ndi la 14 kucokera pamene munthu analandira mankhwala. Pa nthawi imeneyi tizirombo ta bakiteriya, monga Streptococcus pneumoniae, Klebsiella ndi Pseudomonas, timalowa m'mapapo popanda wotiletsa, ndipo pa maola owerengeka cabe tingathe kufalikira m'magazi monse.

Coopsa ca cibayo cimeneci ndi cakuti sicionetsa zizindikiro zonse zimene anthu anazolowera. Makhololo acikasu ndi mafinya zimapangidwa ndi maselo oyera omwewo pamene ali kumenyana ndi tizirombo. Tsono ngati maselowo palibe, wodwala angathe kukhala ndi cifuwa couma, kapena osatsokomola konse, pamene mapapo ake ali kuonongeka. Ngakhale cithunzi ca X-ray nthawi zina cimaoneka coyera pa masiku oyamba. Kawirikawiri cizindikiro cokha ndico kutentha thupi.

Motero banja lililonse limene likusunga wodwala wotere liyenera kukhala ndi kacipangizo kopimira kutentha kwa thupi. Kakaonetsa 38 kapena kupitirira, wodwalayo apite ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Cimodzimodzinso ngati ali kunjenjemera, kupuma mofulumira, kumva kulasa m'nthiti, kusokonezeka maganizo kapena kufooka mwadzidzidzi. Akuluakulu anati ndionetsetse anathetsa nkhosa. Kuyembekeza kuti kuce kuli kupatsa tizirombo usiku wathunthu.

Abale asathamangire kunena kuti ndi malungo ndi kumpatsa mankhwala otsala m'nyumba kapena ogula pa kantemba. Malungo adzapimidwa ku cipatala komweko. Panadol asaperekedwe thupi lisanapimidwe, cifukwa amabisa kutentha pamene matenda ali kukula.

Pofika ku cipatala, kaya ndi caching'ono ca pafupi, kaya St Francis ku Katete kapena cacikulu ca ku Chipata, woperekeza wodwala aonetse makhadi onse a ku Lusaka ndi kunena poyera kuti munthuyu ali pa mankhwala a khansa, nachule tsiku limene analandira komaliza. Mau amenewa ndiwo amadziwitsa anamwino kuti wodwalayo sayenera kukhala pa mzere. Madotolo amalangiza kuti munthu wotere ayambe kulandira mankhwala opha bakiteriya, makamaka odzera m'mtsempha, ola limodzi lisanathe, osayembekeza zotsatira za magazi. Cifuwa cacikulu ca TB naco cimagwira msanga anthu ofooka motere, kotero ndi bwino kupempha kuti capimidwe.

Pakhomo, aliyense asambe m'manja ndi sopo asanapereke cakudya kwa wodwala. Madzi akumwa awiritsidwe, ndiwo zipse bwino, ndipo wodwala asakhale m'khichini ya utsi. Alendo amene ali ndi cimfine kapena cifuwa apereke moni ali panja. Ana a m'nyumbamo alandire akatemera onse pa sikelo, kuphatikizapo woteteza cibayo amene Boma linayamba kupereka mu 2013, kuti asatengere tizirombo kwa wodwala.

Banja liganizirenso pasadakhale za njinga, ngolo kapena galimoto imene idzanyamula wodwala, ndi kusunga padera ndalama za ulendowo. Mafumu ndi akomiti a zaumoyo m'midzi angathandize kwambiri ngati adziwa nyumba zimene muli odwala otere.