Onani Mapu Musanakumbe Maziko

Anyamata a ku Mzimba akabwerako ku Joni ndi ndalama, ganizo lao loyamba limakhala nyumba ya malata. Ichi nchabwino ndithu. Koma pa Boma la Mzimba ndi pa Manyamula alipo amene amagula malo kwa munthu wamba, nakumba maziko osafunsa kuti malowo anasungidwira ntchito yanji.

Mapu a tauni si chithunzi chokometsera khoma la ofesi. Amagawa nthaka: apa nyumba zogonamo, apo msika ndi masitolo, uko zigayo, kwinaku sukulu, manda ndi misewu ya m'tsogolo. Lilongwe, amene anakhala likulu mu 1975, anamangidwa motero. Nchifukwa chake mafakitale ali ku Kanengo.

Lamulo la 1988 linkagwira ntchito m'madera osankhidwa okha. La 2016 linaika dziko lonse pansi pa mapulani, kotero munthu wa pa Manyamula sanganene kuti kwao nkumudzi, izi sizimkhudza. Womanga popanda chilolezo, kapena m'malire a msewu, akhoza kugwetseredwa nyumba, ndipo thukuta lake la zaka zambiri ku Johannesburg lidzathera m'fumbi tsiku limodzi.

Mlandu suli kwa womanga yekha. Mapu otsekeredwa m'kabati sathandiza munthu. Tikupempha ogwira ntchito ku Khonsolo ya M'mbelwa kuti awapachike pa msika, ndi kuwafotokoza kwa mafumu m'Chitumbuka. Inunso atsogoleri a nthambi, mukaona njerwa zikuotchedwa, mufunseni mwini wake ngati anapitako ku Khonsolo.