Kupha khansa ya chiwindi ndi njala

Ku Glen View, mumzinda wa Harare, mlangizi wina wa zaumoyo adandifunsa funso lovuta. Bambo wina wa m'dera lake, amene makolo ake adachokera ku Malawi, adapezeka ndi khansa ya chiwindi. Ana ake adamva kuti asayansi akwanitsa kufooketsa zotupa zoterezi mwa akalulu, ndipo ankafuna kugulitsa zipangizo za ukalipentala za bambo awo kuti akasake mankhwalawo. Kodi mlangiziyo awauze chiyani?

Tiyambe ndi mmene njirayi imagwirira ntchito. Chiwindi chimalandira magazi kudzera m'mitsempha iwiri. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi amabwera ndi mtsempha wochokera kumatumbo, otsalawo amabwera ndi mtsempha wochokera kumtima. Koma chotupa cha khansa chimadalira kwambiri wachiwiriwu. N'chifukwa chake madokotala amalowetsa kachubu pa mtsempha wa m'ntchafu mpaka kuchiwindi, n'kuthira mankhwala pachotupa penipeni, kenako n'kutseka njira ya magazi. Njirayi imatchedwa TACE, ndipo m'chaka cha 2002 kafukufuku wa ku Barcelona ndi ku Hong Kong adaonetsa kuti imatalikitsa moyo wa odwala ena.

Mlimi wa kudimba amadziwa kuti ukatseka ngalande, madzi amafuna podzera pena. Chotupanso chikamanidwa mpweya chimatulutsa chinthu chotchedwa VEGF, chimene chimameretsa timitsempha tatsopano. Dokotala wa ku America, Judah Folkman, adafotokoza m'chaka cha 1971 kuti chotupa sichingakule popanda timitsempha totere. Motero asayansi adaganiza zophatikiza ziwiri: kutseka mtsempha waukulu, ndi kupereka mankhwala oletsa timitsempha tatsopano kumera. Atayesa pa akalulu ndi makoswe amene adaikidwa zotupa m'chiwindi, kawirikawiri zotupazo zinkakula pang'onopang'ono kusiyana ndi pamene agwiritsa ntchito njira imodzi yokha.

Koma kalulu si munthu. Kalulu wa m'kafukufuku amakhala ndi chiwindi chabwinobwino, pomwe cha wodwala wathu chimakhala chitaonongeka kwa zaka zambiri. Kafukufuku wa ku Britain wa m'chaka cha 2017 adapeza kuti kuonjezera mankhwala a sorafenib pa TACE sikudathandize odwala. Nkhani yolimbikitsa idabwera m'chaka cha 2025, pamene magazini ya zamankhwala ya Lancet idafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa EMERALD-1. Odwala amene adalandira TACE pamodzi ndi bevacizumab komanso mankhwala odzutsa chitetezo cha m'thupi adakhala pafupifupi miyezi 15 matenda asadakule, pomwe a TACE yokha adakhala miyezi 8. Limeneli ndi phindu lenileni, koma sikuchira. Ndiponso TACE imayenera okhawo amene khansa yawo siidafalikire ndipo chiwindi chawo chikugwirabe ntchito.

Yankho langa kwa mlangizi uja lidali ili: safunsa adadya phula. Banjalo lisagulitse chilichonse lisadaonane ndi madokotala a khansa pachipatala cha Parirenyatwa, amene angapime ndi kunena pamene matenda afika. Anawo akayezetsenso Hepatitis B, pakuti kachilombo kameneka, kamene kamapatsirana m'magazi, pogonana ndiponso kuchokera kwa mayi kupita kwa mwana, ndiko kamayambitsa khansa ya chiwindi yochuluka kuno kwathu.

Inu alimi ndi alangizi, gawo lanu n'lalikulu. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene akakumana ndi Hepatitis B amachulukitsa ngozi ya khansa. Umitsani zokolola bwino, musanyowetse mtedza pomenya, ndipo wofufuma musausinje kukhala nsinjiro kapena chiponde. Onetsetsani kuti ana amaliza katemera wawo yense kusikelo, ndipo akuluakulu achepetse mowa. Asayansi apitirize ntchito yawo ndi akalulu. Ife yathu ili m'nkhokwe ndi pa khadi la katemera.