Mbale yaikulu ipite ku ndiwo

Pafupifupi pakhomo lililonse m'dziko muno, chakudya chimabwera m'mbale ziwiri: yaikulu ya nsima ndi kambale ka ndiwo. Tinakula tikuuzidwa kuti ndiwo ntchito yake ndi kuperekeza nsima kukhosi, ndipo mwana womaliza ndiwo nsima ikadalipo ankamunena kuti ndi wankhuli. Dongosolo limeneli linali ndi nzeru zake pamene anthu ankalawirira kumunda ndi khasu, kutunga madzi kutali ndi kusinja pamtondo. Mitanda itatu inkathera m'thukuta. Lero ambiri a ife m'tauni timakwera minibasi kapena kabaza, n'kukhala pampando mpaka dzuwa kulowa, koma mitanda ikadali itatu yomwe ija.

Zotsatira zake zikuoneka. Kafukufuku wa Malawi Demographic and Health Survey wa 2015-16 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyezo, ndipo m'matauni anali oposa mmodzi mwa atatu. Kafukufuku yemweyo anapeza ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu ali opinimbira. Mavuto awiriwa amatha kupezeka m'nyumba imodzi, mayi wonenepa ndi mwana wosakula bwino, onse akudya m'mbale yodzadza nsima koma yosowa zina zonse. Kale mu 2009, kafukufuku wa STEPS anali atasonyeza kuti wamkulu mmodzi mwa atatu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi (BP).

Nkhaniyi ndi yovuta kuikamba chifukwa kunenepa kwathu kuno ndi ulemu. Mkazi akapita kwawo atanenepa, azakhali amasekerera: "Koma ndiye akukusungani bwino." Mwamuna akatuluka mimba, ndiye kuti zinthu zayamba kuyenda. Ndipo amene tinaona zaka zimene Edzi inkatenga anthu mankhwala asanabwere timakumbukira mmene munthu woonda ankalozedwera zala. Mantha amenewo sanatheretu. N'chifukwa chake sindiseka munthu amene akuopa kuchepa thupi. Koma shuga ndi BP sizifunsa kuti azakhali anati chiyani.

Sindikunena kuti tisiye nsima. Amene amalangiza Mmalawi kuti asiye nsima amangotaya malovu, ndipo palibe chifukwa choisiyira. Ndikunena kuti mbale zisinthane ntchito. Masamba adzadze theka la mbale, nyemba kapena usipa zikhale pambali, nsima ikhale mtanda umodzi kapena umodzi ndi theka malinga ndi ntchito imene munthu amagwira. Wopalasa kabaza ndi mlembi wa mu ofesi sangadye mofanana. Bungwe la WHO limalimbikitsa magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso patsiku. Kambale kathu kaja sikafikako n'komwe.

Pali nkhani ya ufa. Kuti ufa uyere, timakonola chimanga, kuchiviika, kutaya madzi ake, n'kupatsa nkhuku ndi nkhumba madeya momwe mwatsalira zambiri zofunika m'thupi. Mgaiwa, umene ena amaubisa kukabwera alendo, umasunga gaga ndi kamtima ka chimanga. Amene sanauzolowere angayambe ndi kusakaniza ufa woyera ndi mgaiwa, kenako n'kumaonjezera mgaiwawo pang'onopang'ono.

Komabe chimene chimanenepetsa anthu ambiri mwakachetechete si cha m'mbale ayi, ndi cha m'kapu. WHO imati shuga wothira asapitirire masupuni aang'ono pafupifupi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo asanu ndi limodzi ndiye bwino koposa. Werengani nokha: tiyi wam'mawa masupuni atatu kapena anayi, wa teni koloko chimodzimodzi, masana botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lomwe lili ndi masupuni pafupifupi asanu ndi atatu. Ana sanaweruke kusukulu, inu mwadutsa kale muyezo, ndipo njala ili pomwepo chifukwa zakumwa sizikhutitsa. Ena amadzitonthoza kuti shuga wa kuno amathiramo vitamini A. Ndi zoona, koma vitamini yemweyo ali m'maungu, m'mapapaya, m'mango ndi m'mbatata yofiira mkati, zomwe zimakhutitsa.

Mafuta nawo timathira ndi botolo, osati ndi supuni. Galamu imodzi ya mafuta imapereka mphamvu zoposa kawiri za galamu ya ufa, choncho mbatata yowiritsa ndi tchipisi cha pachiwaya ndi zakudya ziwiri zosiyana kotheratu. Nkhwani wotendera ndi nsinjiro safuna dontho la mafuta, ndipo sindinaonepo mlendo akuubweza. Mchere, muyezo wake ndi supuni yaing'ono imodzi, magalamu asanu, patsiku lonse, kuphatikiza wa m'timakyubu tokometsera ndiwo ndi uja timasunsa kanyenya.

Za tiyi wochepetsa thupi amene amagulitsidwa pa Facebook ndi WhatsApp sindichedwapo. Ambiri amangotsegula m'mimba. Chimatuluka ndi madzi ndi ndalama. Kudumpha chakudya cha masana nakonso kumathera pa mandasi anayi madzulo. Wofuna kudziwa pamene ali pa nkhani ya kunenepa atenge chingwe chotalika ngati msinkhu wake, achipinde pawiri, achizungulize m'chiuno cha pamchombo. Chikapanda kukumana, mafuta a pamimba achuluka. Odwala shuga amene akumwa mankhwala ayambe akambirana ndi achipatala asanachepetse chakudya, kuopa shuga kutsika kwambiri.

Wina anena kuti zonsezi ndi za anthu a ndalama. Koma mulu wa bonongwe kapena chisoso pamsika ndi wotchipa kuposa botolo la zoziziritsa kukhosi, ndipo nthawi ya dzinja zimamera zokha kuseri kwa nyumba. Khobwe, nandolo ndi nzama timalima tokha. Chovuta chenicheni ndi miyezi ya chilimwe, masamba akasowa ndi kukwera mtengo. Apa agogo athu anatisiyira njira: kufutsa nkhwani, khwanya ndi chitambe nthawi imene zachuluka, kuziyanika ndi kuzisunga m'chikwatu. Pophika, soda achepe ndipo masamba asakhalitse pamoto, chifukwa zonse ziwirizi zimaononga mavitamini amene tikuwafunawo.